KODI MWAMVADI ZIMENE ADOKOTALA ANENA?

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ogulitsira zakudya m'Chigwa cha Phalombe, kawirikawiri ndimayenda njira imodzi ndi anthu ochokera kuchipatala. Ndikakumana ndi mayi atabereka mwana kumbuyo, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, mankhwala atawamanga pansonga ya chitenje, ndimakonda kumfunsa kuti, "Amayi, kodi adokotala akuti mwanayu akudwala chiyani?" Yankho limene ndalimva nthawi zambiri ndi lakuti, "Kaya, bambo. Angolemba m'bukumu, n'kundiuza kuti ndipite pawindo." Ndikafunsanso kuti nanga bwanji simunawafunse, mayiyo amaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ine ndine yani kuti ndizifunsa adokotala?"

Phunziro lathu la mwezi uno lachokera pa mayankho awiri amenewa. Munthu angathe kudzuka tambala woyamba, kupalasa njinga kuchokera m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa kapena patsinde pa phiri la Michesi, kukhala pamzere mpaka dzuwa paliwombo, kupimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera. Koma ngati wabwerera kwawo osadziwa chimene chapezeka m'thupi mwake, osadziwanso kamwedwe ka mankhwalawo, ndiye kuti ulendo wake wathera panjira.

KUKHUTIRA KWA PAKAMWA

Nthawi ndi nthawi akuluakulu a zaumoyo amatumiza anthu kukaima pachipata cha chipatala kuti azifunsa odwala amene akutuluka ngati akhutira ndi m'mene awalandirira. Ndakhalapo pafupi mafunso otere akufunsidwa. Pafupifupi aliyense amene ndidamumva adayankha mwaulemu kuti, "Atilandira bwino, zikomo." Koma anthu omwewo akangofika pamsika n'kutsamiritsa njinga pamtengo, nkhani imatembenuka. Wina akuti sanamuyang'ane n'kumaso komwe, wina akuti adayamba kulemba iye asanamalize kufotokoza, winanso akuti adamkalipira pagulu kaamba kochedwa kubwera ndi mwana.

Sindikunena kuti anthu amenewa ndi abodza. Tidaleredwa kuti wamkulu akalankhula tiziti "ndamva", ngakhale sitinatolepo kanthu. Ena amaopa kuti akadandaula lero, mawa adzawazindikira, pakuti chipatala chapafupi n'chomwecho. Enanso amaganiza kuti popeza m'zipatala za boma salipira, sayenera kufunsa kapena kudandaula, kuiwala kuti zipatalazo zimayendera ndalama za msonkho wa anthu ndi thandizo la abwenzi a dziko lino.

Tsono ine muyeso wanga wa kukhutira ndi wina. Mukafika kunyumba, apongozi anu kapena amuna anu akakufunsani kuti, "Akuti chiyani kuchipatala?" kodi mungathe kuwauza dzina la matendawo, kamwedwe ka mankhwala, ndi tsiku lobwereranso? Ngati mungathe, mwathandizidwa ndithu, ngakhale adokotala sanakusekerereni. Ngati simungathe, musafulumire kunena kuti mwakhutira.

Tisaiwalenso mbali ya ogwira ntchito. Phalombe idakhala boma paokha mu 1998, itapatuka ku Mulanje, ndipo pa kalembera wa 2018 idapezeka kuti ili ndi anthu oposa 400,000. Kwa zaka zambiri odwala kwambiri ankawatumiza ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, kufikira pamene chipatala chachikulu cha boma chidamangidwa ku Migowi, chimene chidapatsidwa dzina la John Chilembwe. Komabe ambiri a inu mumathandizidwa m'zipatala zazing'ono za kumidzi, kumene munthu mmodzi angathe kupima mzere wonse wa tsikulo chonsecho usiku adadzutsidwa kawiri. Munthu wotopa amafupikitsa mawu. Akaona mwagwedeza mutu, iye amayesa kuti mwamva, n'kuitana wotsatira. Pajatu akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wodwala ndinu, kufunsa kuyambire kwa inu.

MUKALOWA M'CHIPINDA CHOPIMIRA

Yambani ndi chachikulu chimene chakubweretsani. Anthu ambiri amayamba ndi mutu, msana ndi kuphwanya kwa thupi, ndipo adokotala atalemba kale mankhwala, iwo ali pakhomo, m'pamene amatembenuka n'kunena motsitsa mawu kuti, "Komanso adokotala, ndikumakodza magazi." Chonsecho chachikulu chinali chimenecho. Kuchigwa kuno, kumene ana amasambira m'madambo ndipo akulu amakhalitsa m'minda ya mpunga, kukodza magazi kawirikawiri ndi chizindikiro cha likodzo, ndipo likodzo lili ndi mankhwala ake. Ngati nkhani yanu ndi ya kumalo obisika ndipo m'chipindamo muli anthu ena, muli ndi ufulu wopempha kuti mulankhule muli awiri. Mayi angathenso kupempha kuti namwino wamkazi akhalepo pomupima.

Nenani masiku amene mwadwala, ndipo nenani zoona. Ngati mwana wadwala sabata yathunthu, musati wayamba dzulo poopa kukalipiridwa, chifukwa kutentha thupi kwa tsiku limodzi ndi kwa masiku asanu ndi awiri adokotala amakuganizira mosiyana. Nenaninso zonse zimene mwamwa kale, kaya mapiritsi a kugolosale, kaya otsala kwa mnansi, kaya mizu ya kwa sing'anga. Mayi amene akudzikayikira kuti waima anene asanalandire mankhwala alionse, pakuti alipo mankhwala amene amavulaza mwana wosabadwa.

MAWU AMODZI, MATANTHAUZO AWIRI

Kusamvana kwina kumabwera ngakhale onse awiri akulankhula Chichewa. Tengani mawu oti malungo. Kumudzi, thupi likangotentha n'kumaphwanya timati malungo. Kuchipatala, malungo ndi matenda amodzi okha, obwera ndi tizirombo timene udzudzu umasiya m'magazi, ndipo amawatsimikiza pobaya chala ndi kuyeza kadontho ka magazi. Tsono munthu amabwera akunena kuti ali ndi malungo, amuyeza, tizirombo sitinapezeke, ndipo sampatsa LA. Iye amatuluka atakwiya, akuti amumana mankhwala. Chonsecho thupi limatenthanso ndi chibayo, ndi matenda a m'khutu, a m'chikhodzodzo, a pakhosi ndi ena ambiri, ndipo LA sachiza amenewa. Funso loyenera pamenepa ndi lakuti, "Nanga poti si malungo, mukuganiza kuti n'chiyani, ndipo ndikapanda kupeza bwino ndibwerenso liti?"

Mtima nawo ndi mawu ovuta. Agogo akati mtima ukuwapweteka, nthawi zina akunena pachifuwa, nthawi zina pamwamba pa mimba pamene pamaotcha akadya, ndipo nthawi zinanso akunena nkhawa imene yawagwira chimwalirire mwana wawo. N'chifukwa chake n'kofunika kuloza ndi dzanja pamalo penipeni ndi kufotokoza ngati pakubaya, pakuotcha kapena pakulemera. Chimodzimodzinso kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda awiri osiyana, koma ndamvapo anthu akuwasokoneza, mpaka wina kumafuna kuti amuwonjezere magazi pamene vuto lake ndi BP. Ndipo pa matenda a BP ndi shuga pali mawu amene ambiri samawamva bwino: mankhwala ake sachotsa matendawo koma amawagonetsa chabe, motero salekezedwa munthu akapeza bwino. Akatha, amakatenga ena.

Kuno kwathu kulinso okalamba amene mawu a zowawa zawo amawapeza msanga m'Chilomwe, ndiponso abale athu ochokera kutsidya ku Mozambique amabwera m'zipatala za m'malire. Wogwira ntchito amene wachokera ku boma lina sangamve zonse. Si chamanyazi kubwera ndi womasulira, koma musankhe munthu wamkulu amene wodwalayo angamasuke naye. Kamdzukulu ka zaka khumi sikangamasulire bwino matenda a agogo ake aakazi, ndipo agogowo sangakauze zonse.

Zolembedwa m'kabuku nazo zili m'Chingerezi chofupikitsa, chimene ogwira ntchito amalemberana okhaokha. Mukaona od ndiye kuti kamodzi patsiku, bd kawiri patsiku, tds katatu patsiku, ndipo 5/7 ndiye kuti kwa masiku asanu. Kudziwa zimenezi n'kothandiza, koma sikulowa m'malo mwa kufunsa. Kabukuko n'kanu, ndipo muli ndi ufulu wouzidwa m'chinenero chanu zimene zalembedwamo.

PAWINDO LA MANKHWALA

Apa m'pamene mawu ambiri amatayikira, chifukwa phokoso n'lambiri, kawindo n'kakang'ono, ndipo a kumbuyo akukankha. Titenge chitsanzo cha mankhwala a malungo. Kuyambira mu 1993 dziko lino linkagwiritsa ntchito Fansidar, amene wamkulu ankangomwa mapiritsi atatu nthawi imodzi, basi. Mu 2007 boma lidasintha n'kubweretsa LA, ndipo Fansidar adatsalira amayi apakati monga chitetezo. Koma chizolowezi chakale chomwa kamodzi chidakalipobe m'mitu mwa ambiri. LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kachiwiri pakapita maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo. Wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 24, pamene mwana amapatsidwa molingana ndi kulemera kwake pasikelo. Mankhwalawa amalowerera bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala lotsira nsinjiro kapena mkaka, wakhanda ayamwitsidwe. Mwana akasanza pasanathe theka la ola chimwereni, ayenera kumwetsedwanso, ndipo mukatenge mapiritsi obwezeretsa amene atayikawo.

Nanga chimachitika n'chiyani munthu akapanda kumva zonsezi? Tsiku lachiwiri thupi limazizira, mwana wayamba kusewera, ndipo mayi mokoma mtima amasunga otsalawo kuti adzathandize wina akadzadwala. Tizirombo timene sitinafe timachulukananso, ndipo pakapita masabata ochepa mwana uja ali pamzere womwewo. Pamenepo banja limati mankhwala a masiku ano n'ngopanda mphamvu.

Thanzi, wa mwana wotsekula m'mimba, nayenso amafuna kumvetsa. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale wamphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Wotsala akatha tsiku ndi usiku amatayidwa n'kukonza wina. Mapiritsi a zinki amene amaperekedwa limodzi naye amamwedwa masiku 10 ngakhale kutsekulako kutaleka. Ngati simudziwa kukula kwa lita, pemphani alangizi a zaumoyo akuonetseni ndi botolo kapena kapu imene muli nayo kunyumba.

Njira imene ndimaphunzitsa m'misonkhano ya m'midzi ndi yapafupi, ndipo sifuna sukulu. Mukauzidwa, musangoti "ndamva". Bwerezani ndi pakamwa panu. Nenani kuti, "Ndiye kuti ndikammwetse awiri pofika kunyumba madzulo ano, awiri mawa m'mawa, awiri mawa madzulo, eti?" Ngati mwaphonya, wopereka mankhwalayo akukonzani pomwepo, ndipo sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ngati mwalandira mitundu iwiri kapena itatu, funsani kuti uwu ndi wa chiyani, uwu ndi wa chiyani, ndipo musaphatikize m'kapepala kamodzi. Pamene wodwala ndi mwana, funsaninso zizindikiro zoti mubwerere nazo msanga osadikira tsiku: kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kulefuka kwambiri, ndi kupuma mobanika nthiti zikulowa m'kati.

Ena amati anthu akumudzi sangasunge malangizo ngakhale muwafotokozere. Ine sindivomereza. Mu 2016, kolera itavuta pa Nyanja ya Chilwa, katemera wakumwa adaperekedwa m'maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga. Katemerayo ankafunika kumwedwa kawiri, motalikirana masabata awiri. Asodzi okhala m'zimbowera pakati pa nyanja kudali kovuta kuwapezanso kachiwiri, motero adamwa woyamba pamaso pa azaumoyo, ndipo wachiwiri adapatsidwa m'manja, atawafotokozera bwino tsiku lomwera, kuti akamwe okha. Ambiri a iwo adamwadi. Ngati msodzi wa pa chimbowera adasunga tsiku lake, mayi wa kwa Nazombe kapena kwa Jenala angalephere bwanji, atauzidwa momveka?

ZA MAGAZI

Pali chinthu china chimene tonse a m'chigwa chino sitiyenera kuchiiwala. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje ndi kuno ku Phalombe, mpaka kufikira maboma ena a m'chigawo cha kummwera. Anthu osalakwa adaphedwa, ogwira ntchito zaumoyo ena adachitidwa chipongwe, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Mphekeserazo zidali zabodza, ndipo zoyambitsa zake zidali zambiri. Koma ine maganizo anga ndi akuti bodza lotere limamera msanga pamene anthu akhala akutengedwa magazi kwa zaka zambiri popanda wowauza kumene magaziwo amapita.

Tsono ndikuuzeni. Kadontho ka pachala n'koyezera malungo, HIV, shuga kapena kuchuluka kwa magazi. A m'kabotolo, otengedwa pamkono, sakwana ndi supuni yaikulu imodzi. Amapita kulabu kukayezedwa, ndipo ntchito ikatha amatayidwa mosamala. Magazi othandizira odwala ena amatengedwa kwa munthu yekhayo amene wavomera mwini wake kupereka. Kuyezedwa HIV nakonso kumafuna kuti mufotokozeredwe ndi kuvomera. Chotero singano isanalowe, funsani kuti akufuna kuyeza chiyani ndipo zotsatira mudzazimva liti. Wogwira ntchito wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso limeneli.

MUKAGONEKEDWA M'WODI

Wodwala wogonekedwa nthawi zambiri alibe mphamvu zofunsa, motero udindo umagwera womuyang'anira, amene timamutcha gadiyani. Nthawi yabwino yofunsa ndi m'mawa pamene adokotala akuyendera odwala. Vuto n'lakuti nthawi imeneyo agadiyani amakhala ali kunja, ena akuphika phala. Ngati mwatulutsidwa, pitani kwa namwino akamaliza kuyenderako mukafunse zimene zanenedwa. Mukasinthana ndi mbale wina, muuzeni zonse. Ndaonapo banja limene anthu atatu adasinthana m'sabata imodzi, ndipo aliyense anali ndi dzina lakelake la matendawo.

Akati wodwala asadye kapena kumwa kanthu chifukwa akupita ku opareshoni, mverani, ngakhale akulirira madzi. Munthu akagonetsedwa tulo ta mankhwala m'mimba muli chakudya, angathe kusanza n'kutsamwa nacho. Ambiri amene amapatsira wodwala phala mobisa amatero chifukwa palibe adawauza chifukwa chake. Ndipo musanasaine kapena kudinda chala papepala lovomereza opareshoni, muuzidwe chimene akukachita, chifukwa chake, ndi zovuta zimene zingatsatire. Akanena zokutumizani ku Zomba kapena ku Blantyre, funsani chimene akukachita kumeneko chomwe kuno sichingatheke. Kutumizidwa sikutanthauza kuti akutayani. Tsiku lotuluka musathamangire kumanga katundu musanamve za mankhwala, za kasamalidwe ka bala, ndi tsiku lodzaonedwanso. Safunsa adadya phula.

Kwa anzanga ogwira ntchito amene mumawerenganso magazini ino ndingonena pang'ono. Funso loti "Mwamva?" n'losathandiza, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Nenani kuti, "Amayi, tandiuzani m'mene mukammwetsere." Ndipo mayi amene wachedwa kubwera ndi mwana mukamkalipira pagulu, dziwani kuti ulendo wina adzachedwa koposa, kapena adzanama masiku.

MUKALAKWIRIDWA

Zimachitika ndithu kuti wodwala wafunsa mwaulemu koma wayankhidwa mwachipongwe, kapena wapemphedwa ndalama pa chithandizo chimene chiyenera kukhala chaulere. Kudandaulira pamsika sikukonza kanthu, ndipo kutukwana pabenchi kumangoutsa mkangano odwala ena n'kumachedwa. Njira zilipo. Choyamba ndi mkulu wa chipatalacho. Ngati mukuopa kupita nokha, chipatala chaching'ono chili ndi komiti ya anthu osankhidwa m'midzi yozungulira, imene ntchito yake ndi kulumikiza chipatala ndi anthu. Amfumu anu kapena alangizi a zaumoyo angakuuzeni amene ali m'komitiyo. Kuyambira mu 2018, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman udakhazikitsanso anthu olandira madandaulo m'zipatala, ndipo mukafika pachipatala chachikulu mungathe kufunsa kumene woteroyo amakhala. Milandu ikuluikulu yokhudza kagwiridwe ka ntchito ka madokotala imapita ku Medical Council of Malawi, ndipo ya anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Popita kukadandaula musachedwe mpaka nkhani itazizira. Tengani kabuku kanu, pakuti m'menemo muli tsiku limene mudabwera ndi dzanja la amene adakuonani. Nenani nthawi, chipinda, ndi mawu enieni amene adanenedwa, osawonjezera. Ngati padali wina amene adaona, mupite naye. Musanachoke, funsani tsiku limene mudzabwere kudzamva yankho, ndipo mulibwereze ndi pakamwa panu kuti wolandira dandauloyo amve kuti mwalisunga.